Callistus, kapolo amene anagwetsa banki ya amasiye

Tsiku lina m'zaka za m'ma 180, pa doko la Portus kufupi ndi pomwe mtsinje wa Tiber umathira m'nyanja, kapolo wina anadziponya m'madzi. Anali atakwera kale chombo, osafunsa n'komwe kuti chikulowera kuti, bola chimuchotse ku Roma basi. Tsoka ilo, chombocho chinali chikadaima pakati pa doko. Poponya maso kumtunda anaona mbuye wake chapatali, atamulondola mpaka kumeneko, ndipo anadziwa kuti zake zada. Analumphira m'nyanja. Amalinyero anatsika ndi timabwato n'kumuvuula iye asakufuna, khamu la anthu kumtunda likukuwa, n'kumupereka m'manja mwa mbuye wake uja madzi akuchucha.

Patapita zaka pafupifupi 30, mu 217, munthu yemweyo anakhala bishopu wa mpingo wa ku Roma. Dzina lake ndi Callistus, mabuku ena amalemba Callixtus. Pa mndandanda wa apapa umene Akatolika amasunga ali pa nambala 16. Ngati simunamvepo za iye musadandaule, ngakhale osaphonya Misa ambiri samudziwa.

Koma ndikuchenjezeretu. Nkhani ya padoko ija, pamodzi ndi pafupifupi chilichonse chokhudza moyo wa Callistus, tikuimva kwa munthu mmodzi yekha, ndipo munthuyo ankadana naye koopsa. Ili m'buku la Chigiriki lodziwika kuti Philosophumena, lomwe cholinga chake chinali kutsutsa ziphunzitso zonse zimene wolembayo ankaziona kuti n'zonama. Wolembayo anali mtsogoleri wa gulu lina la Akhristu mu Roma momwemo, munthu wa sukulu kwambiri, wodziwa nzeru za Agiriki, amene ankaona kuti mpingo weniweni ndi umene uli kwa iye. Akatswiri ambiri akhala akunena kuti anali Hippolytus, ena amati anali munthu wina. Ine ndizingomutchula Hippolytus kuti nkhani iyende. Nde muziwerenga ngati mukumvera munthu akufotokoza za mnzake amene anamulanda mpando. Sikuti zonse ndi bodza ayi, koma nsinjiro zake n'zambiri.

Momwe bukuli linatipezera n'kosangalatsanso. Lili ndi zigawo 10, koma kwa zaka mazanamazana anthu ankangodziwa chigawo choyamba, ndipo ankachiyesa cha Origen. Mu 1842 Mgiriki wina, Minoides Mynas, amene boma la France linamutuma kukasaka zolembedwa zakale, anabweretsa ku Paris buku lolembedwa pamanja kuchokera ku nyumba za amonke za pa phiri la Athos. M'menemo munali zigawo 4 mpaka 10, ndipo zinasindikizidwa ku Oxford mu 1851. Kufikira chaka chimenecho Callistus linali dzina chabe pa kalendala ya oyera mtima, papa wofera chikhulupiriro, wopanda kabanga. Mwadzidzidzi chigawo cha 9 chikuti ayi, ameneyu anali tambwali wodya ndalama za amasiye. Tangoganizani phokoso lake ku Ulaya, kumene Akatolika ndi Apulotesitanti ankakhalira kusakana zifukwa. Mu 1853 wansembe wa ku Germany, Ignaz von Döllinger, anachita kulemba buku lathunthu loikira kumbuyo Callistus.

Tiyambe ndi banki ija.

Callistus anali kapolo wa Carpophorus, Mkhristu amene ankagwira ntchito kunyumba ya mfumu ya Roma. Tikamva mawu oti kapolo timaona munthu wa unyolo m'miyendo akulima m'munda, ndipo otere analipo ochuluka zedi. Koma ku Roma kunalinso akapolo odziwa kulemba ndi kuwerengetsera, amene ankayendetsa mabizinesi a ambuye awo. Kwa mbuye zinali zokoma, phindu ndi lake koma wokhala padzuwa ndi kapolo. Carpophorus anamupatsa Callistus mpamba wochuluka ndithu kuti atsegule banki m'dera la mzindawo lotchedwa Piscina Publica. Banki ya nthawi imeneyo musaiganizire ngati chinyumba cha magalasi ndi mlonda pakhomo. Linali tebulo, kumbuyo kwake kuli munthu wosintha ndalama, wosunga za anthu ndi kukongoza ena pa chiwongoladzanja. Mpaka lero Agiriki banki amaitchula trapeza, kutanthauza tebulo.

Abale ndi alongo a mumpingo, ambiri mwa iwo amayi amasiye, anayamba kusungitsa ndalama zawo pa tebulo limeneli. Kapoloyo sindiye ankamudalira. Ankadalira dzina la Carpophorus, munthu wolemekezeka amene ankapemphera naye limodzi. Amene anaonapo banki m'khonde ikutha pomwe msungichuma anasankhidwa chifukwa choti ndi wa kwathu kutchalitchi akudziwa momwe zoterezi zimayambira. Ndalama zonse zinalowa m'madzi, za Carpophorus ndi za amasiye zomwe.

Hippolytus amangoti Callistus anazimwaza. Chomwe chimandichititsa chidwi n'chakuti satchulapo nyumba, munda, mkazi kapena phwando limene ndalamazo zinathera, pomwe munthu wa nkhwidzi ngati iye akanakhala ndi umboni wotere sakanaugonetsa. Wakuba weniweni amathawa ndi thumba, koma uyu pambuyo pake anapezeka alibe ndi kobiri lomwe. Inalinso nthawi yoipa kwa wokongoza ndalama. Mliri waukulu umene unayamba mu 165 unali utapha anthu osawerengeka mu ufumu wonse, ndipo mfumu Commodus ankachepetsa siliva wa m'ndalama ya denarius. Ine ndimaona ngati Callistus anakongoza anthu amene sanabweze. Komabe mayi wamasiye amene ndalama zake zapita alibe nazo kuti kaya zabedwa kaya zakongozedwa mosasamala. Zapita basi, ndipo amene anazilandira m'manja ndi Callistus.

Carpophorus atanena kuti akufuna kuona mabuku a ndalama, Callistus analiyatsa liwiro la ku Portus. Zotsatira zake mwazimva kale. Atabwera naye ku Roma anamutsekera mu pistrinum, nyumba yoperera tirigu, komwe kunali kolangira akapolo othawa. Ntchito yake inali kukankha chimwala cha mphero mozungulira, ntchito ya bulu, tsiku lonse m'fumbi la ufa.

Patapita nthawi abale a mumpingo anapita kwa Carpophorus kukamupempha kuti amutulutse, poti Callistus ankanena kuti pali anthu amene akusunga ndalama zake. Naye Carpophorus anali pa mpanipani, chifukwa osungitsa aja ankabwera kwa iye akulira kuti tinapereka chifukwa cha dzina lanu. Anamutulutsa, koma maso ali pa iye kuti asathawenso.

Apa ndi pomwe nkhani imafika pondivuta. Tsiku la Sabata, Callistus anatuluka kuti akukaona angongole ake, n'kukalowa m'sunagoge wa Ayuda mapemphero ali mkati, n'kuyambitsa chisokonezo. Ayudawo anamumenya n'kumukokera kwa Fuscianus, mkulu woyang'anira mzinda wa Roma, amene analinso woweruza. Dandaulo lawo linali lomveka: lamulo la Aroma linkawalola kusonkhana ndi kuwerenga malamulo a makolo awo, koma munthu uyu wabwera kudzasokoneza, ndipo akuti ndi Mkhristu.

Hippolytus akuti zonsezi zinali ukathyali. Akuti Callistus, poona kuti alibe chobweza ndipo sangathawe, anafuna imfa yooneka bwino, yoti anthu aziti wafera chikhulupiriro. Koma pali kawerengedwe kena kosavuta, komwe akatswiri angapo anakatsatira: anapitadi kukatolera ngongole. Aliyense amene anakongozapo munthu amadziwa kuti wangongole wozemba pakhomo pake umakamupeza kumapemphero. Izi sizikumuyeretsa Callistus, chifukwa kukafunsa ndalama pakati pa mapemphero a anthu ena, pa tsiku limene iwo sagwira n'komwe ndalama, n'kupanda ulemu. Koma ndi kupanda ulemu kwa munthu amene madzi afika m'khosi.

Carpophorus atamva anathamangira ku bwalo. Anauza woweruza kuti asamumvere, munthuyu si Mkhristu, akungofuna kufa chifukwa wamwaza ndalama zambiri. Taonani izo. Mkhristu akukana chikhristu cha kapolo wake pamaso pa boma. Mwina ankafuna kumupulumutsa, mwinanso ankawerengetsera kuti kapolo akaweruzidwa ndiye kuti ngongole zija zapita naye. Odandaula aja anaona ngati ndi chinyengo chofuna kumasulira mnzawo, n'kukuwa koposa. Fuscianus analamula kuti Callistus akwapulidwe ndi kutumizidwa ku migodi ya ku Sardinia.

Pali chinthu chimodzi chimene Hippolytus sananene, ndipo kwa ine chimalankhula kuposa zonse zimene ananena. Palibe pomwe akuti Callistus anakana kuti ndi Mkhristu. Mbuye wake anali atamutsegulira khomo, chomwe chinatsala n'kungogwedeza mutu kuti eya, sindine. Akanatero, mdani wake akanalemba masamba atatu. Sanalembe.

Sardinia ndi chilumba chachikulu kumadzulo kwa Italy, ndipo kumwera chakumadzulo kwake Aroma ankakumbako mtovu ndi siliva. M'malamulo awo, kutumizidwa ku migodi chinali chilango chotsatira imfa. Unyolo, mdima, chakudya chochepa, kuphatikiza malungo amene chilumbacho chinkatchuka nawo. Ambiri sankabwerako. Koma lamulo lomwelo linali ndi kanthu kodabwitsa: woweruzidwa ku migodi ankasanduka kapolo wa chilango chakecho, ndipo umwini wa mbuye wake wakale unkathera pomwepo. Ngakhale mfumu imukhululukire, sankabwereranso kwa mbuyeyo. Mwanjira imeneyi chigamulo cha Fuscianus chinadula chingwe chimene chinkamanga Callistus kwa Carpophorus.

Chipulumutso chinachokera kosayembekezeka. Mfumu Commodus anali ndi mkazi amene ankakhala naye popanda ukwati wa lamulo, dzina lake Marcia, yemwe ankakomera mtima Akhristu. Marcia anaitana bishopu wa nthawi imeneyo, Victor, munthu wochokera kumpoto kwa Africa, n'kumufunsa mayina a Akhristu amene ali ku migodi ya ku Sardinia. Victor anapereka mndandanda, koma dzina la Callistus panalibe. Marcia anakatenga kalata ya chikhululukiro kwa mfumu n'kuipereka kwa Hyacinthus, mkulu wina wofulidwa, kuti apite nayo. Atafika, woyang'anira chilumbacho anamasula onse olembedwa. Callistus anangoona anzake akuvulidwa unyolo, iye ayi.

Anagwada pansi akulira, kupempha kuti naye amasulidwe. Hyacinthus anagwidwa chifundo. Ananyengerera mkulu uja, kumuuza kuti iye ndi amene analera Marcia, ndipo palibe chimene chidzamuchitikire akamasula munthu mmodzi woonjezera. Callistus anakwera nawo chombo.

Hippolytus akufotokoza zimenezi kuti amuchititse manyazi, ngati kunena kuti taonani bishopu wanu, anakwawa pansi ngati mwana. Koma abale, ndani sakanagwada? Anzako onse akubwerera kwawo, iwe ukutsala pansi pa nthaka chifukwa bishopu wako yemwe anakudumpha dala polemba mayina. Mwa zonse zimene zili m'nkhaniyi, apa ndi pomwe ndimamuona Callistus bwinobwino ngati munthu.

Za Marcia ndinene pang'ono, poti sitikumananso naye. Pa 31 Disembala 192 anali m'gulu la amene anapha Commodus. Iye anathira poizoni, ndipo poizoniyo atalephera, katswiri wa masewera ogwetsana dzina lake Narcissus anamaliza ntchito pomukanyanga pakhosi. Chaka chotsatira nayenso Marcia anaphedwa. Mpingo wa ku Roma unalandira akaidi ake kudzera m'manja oterowo.

Victor ataona Callistus watulukira sanasangalale, akutero Hippolytus, koma anakhala chete. Poti Carpophorus anali akadali moyo ndipo anthu anali asanaiwale, anamutumiza kukakhala ku Antium, tauni ya m'mphepete mwa nyanja kumwera kwa Roma yomwe lero ndi Anzio, n'kumamupatsa kangachepe mwezi ndi mwezi. Apanso mdani wadziulula yekha. Mpingo sulipira mbava mwezi ndi mwezi. Amene ankasamalidwa chonchi ndi anthu ovutika chifukwa cha dzina la Khristu, ndipo zikuoneka kuti, mokonda kapena mosakonda, Victor anamuwerengera m'gulu limenelo. Ku Antium Callistus anakhalako zaka pafupifupi 10.

Victor atamwalira cha m'ma 199, Zephyrinus analowa m'malo mwake, n'kumuitanitsa Callistus kuti akhale dzanja lake lamanja. Hippolytus akuti Zephyrinus anali mbuli yosadziwa kuwerenga bwino, yokonda ndalama, imene Callistus ankangoitembenuza momwe wafunira. Mwayamba kumuzolowera eti? Kwa iye aliyense wosagwirizana naye ndi mbuli kapena tambwali. Chodziwika n'chakuti Zephyrinus anamupatsa Callistus ntchito yoyang'anira manda a mpingo pa msewu wa Via Appia. Awa ndi malo oyamba odziwika amene mpingo wa ku Roma unali nawo ngati mpingo, osati a banja la Mkhristu wolemera. Munthu uja anagwetsa banki anapatsidwa katundu woyamba wa mpingo kuti asunge, ndipo ulendo uno sanamwaze.

Ku Roma maliro anali okwera mtengo, moti osauka ankalowa m'magulu osonkherana ndalama kuti akadzafa adzaikidwe mwaulemu. Manda a mpingo ankatanthauza kuti Mkhristu wosauka, ngakhale kapolo, ali ndi pogona pake. Pogona ndikunenadi, chifukwa Akhristu ankatchula malowa ndi mawu a Chigiriki akuti koimeterion, kutanthauza malo ogona. Ankakumba tinjira pansi pa nthaka m'mwala wofewa wotchedwa tufa, n'kuboola m'makoma timabowo totalika ngati munthu, tosanjikizana ngati mashelefu. Mandawa anapitirira kukula Callistus atafa kale, mpaka tinjirato tinafika makilomita pafupifupi 20, m'nsanjika zinayi, ndipo akuti munaikidwa anthu pafupifupi theka la miliyoni. Kenako anaiwalika pansi pa minda ya mpesa. Mu 1849 Giovanni Battista de Rossi anatola m'munda wina chidutswa cha mwala chokhala ndi mbali ya dzina la bishopu Cornelius, ndipo mu 1854 anafukula chipinda chimene munaikidwa mabishopu a Roma a m'zaka za m'ma 200. Lero alendo amaima pa mzere kuti alowe, ndipo malowo amadziwika ndi dzina la kapolo uja.

Chidani cha awiriwa chinayamba ndi mkangano wa chiphunzitso, wa momwe Atate ndi Mwana alili Mulungu mmodzi. Sindikhalitsapo. Kunali mphunzitsi wina, Sabellius, amene ankati Atate ndi Mwana ndi mmodzi yemweyo wongosintha maonekedwe. Hippolytus ankawasiyanitsa kwambiri, moti Callistus anamunena pagulu kuti akupembedza milungu iwiri. Mawu amenewo anamubaya, ndipo amawabwereza m'bukumo ngati munthu wokanda chilonda. Callistus atakhala bishopu anamudula Sabellius mumpingo, koma Hippolytus anati wangochita zimenezo pomuopa iyeyo.

Zephyrinus atamwalira mu 217, mpando unapita kwa Callistus. Hippolytus anakana kumuvomera. M'buku lake gulu la Callistus salitchula mpingo koma sukulu, ndipo amadandaula kuti anthu akukhamukira kumeneko. Ndiye akundandalika milandu ya bishopu watsopanoyu, ndipo milanduyi ndi imene inandichititsa kulemba nkhaniyi.

Mlandu woyamba ndi woti ankakhululuka mosavuta. Nthawi imeneyo panali Akhristu ambiri okhwimitsa zinthu, amene ankati munthu akabatizidwa n'kudzachita tchimo lalikulu, monga chigololo, kupha kapena kupembedza mafano, mpingo sungamulandirenso. Akhoza kulira pakhomo moyo wake wonse, zotsalazo akaonane ndi Mulungu. Callistus ankawalandira. Ankalolanso kuti abusa okwatira kawiri kapena katatu akhalebe pa udindo, ndi kuti wokwatira ali kale pa udindo asachotsedwe. Podziteteza ankatchula fanizo la tirigu ndi namsongole la pa Mateyu 13, zomwe zimakulira limodzi mpaka nthawi yokolola. Ankatinso mpingo uli ngati chingalawa cha Nowa, momwe munalowa nyama zodyedwa ndi zosadyedwa, agalu, mimbulu ndi akhwangwala omwe. Hippolytus akulemba izi monyoza, koma sabata ikubwerayi mudzamva ulaliki wofanana ndi wa Callistus m'matchalitchi ambiri, ndipo palibe adzadabwe.

Sindikufuna kumupanga Hippolytus chitsiru. Nkhawa yake inali ndi mutu. Mpingo unali waung'ono, wosaloledwa ndi boma, wonenedwa zoipa zambiri, ndipo umboni wake waukulu unali khalidwe la anthu ake. Iye ankaona anthu amene iye wawadula chifukwa cha tchimo akungowoloka msewu n'kukalandiridwa kwa Callistus ngati palibe chachitika. Ndipo pa mfundo imodzi ndimaima naye. Akuti Callistus anagamula kuti bishopu asachotsedwe pa udindo ngakhale atachimwa tchimo lalikulu. Ngati zinalidi choncho, chifundo chotere n'choopsa. Kulandira wolapa pa gome la Ambuye ndi nkhani ina, kumusiyira ndodo ya ubusa ndi nkhani inanso, ndipo mipingo yalira kokwanira chifukwa chosakaniza ziwirizi.

Mlandu umene unamuwawa kwambiri Hippolytus ndi wa ukwati. Kuti muumvetse muyenera kudziwa kaye lamulo la Aroma. Kapolo analibe ukwati. Akhoza kukhala ndi mkazi zaka 20, kubereka ana, koma pamaso pa lamulo kunali kungogona nyumba imodzi, ndipo mbuye akafuna ankagulitsa mwamuna kwina, mkazi kwina. Kumwamba nako kunali mipanda yake. Lamulo la mfumu Augustus la mu 18 BC linkaletsa a m'mabanja a aphungu a nyumba ya malamulo kukwatirana ndi akapolo omasulidwa. Mkazi wa m'banja lotere akakwatiwa ndi mfulu wamba ankataya ulemu wa udindo wake. Lamulo lina la mu 52 linkati mkazi mfulu wokhala ndi kapolo wa munthu wina, mwini kapoloyo asakufuna, akhoza kusanduka kapolo iyenso.

Tsono mumpingo wa ku Roma munali akazi a m'mabanja apamwamba ochuluka kuposa amuna a msinkhu womwewo wa ulemu. Mkazi wotere atani? Akwatiwe ndi wopembedza mafano wa m'gulu lake, n'kumakhala m'nyumba ya nsembe? Akhale mbeta moyo wonse? Kapena akwatiwe ndi Mkhristu mnzake wapansi, n'kutaya dzina, kapena kulowa mu ukwati umene boma siliudziwa? Callistus anati mkazi wotere akhoza kutenga mwamuna mmodzi, kaya kapolo kaya mfulu, ndipo mpingo umuwerengera kuti ndi mwamuna wake ngakhale lamulo la Roma likane.

Musachipeputse chigamulo chimenechi. Bishopu anali kunena kuti pali ukwati umene mfumu siuona koma Mulungu amauona, ndipo kuti kapolo akhoza kukhala mwamuna wa munthu. Amene ankanena zimenezi anali atakankhapo mphero ya bulu. Ankadziwa m'thupi mwake tanthauzo la kukhala katundu wa munthu wina. Sindikuti anathetsa ukapolo, sanayese n'komwe, ndipo Akhristu anapitiriza kusunga akapolo zaka mazana ambiri. Koma pa kachinthu kamodzi aka anakana kuti mpingo uzingokopera zolembedwa m'kaundula wa boma.

Hippolytus anaona zonyansa zokhazokha. Akuti chifukwa cha chilolezo chimenechi, akazi odzitcha okhulupirira anayamba kumwa mankhwala oletsa kubereka ndi kudzimanga pamimba kuti achotse pakati, posafuna kubereka mwana wa kapolo kapena wa munthu wamba chifukwa cha mtundu wawo ndi chuma chawo. Ndiye akuti Callistus akuphunzitsa chigololo ndi kupha nthawi imodzi. N'kutheka kuti zoterezi zinachitikadi. Koma werenganinso chifukwa chimene iye mwini wapereka: mtundu ndi chuma. Mpingo unadalitsa ukwatiwo, koma abale a mkaziyo, anansi ndi makhoti sanasinthe. Mwana wobadwa m'banja lotere pamaso pa lamulo analibe bambo. Chimene chinkawaopsa akazi aja ndi manyazi obereka mwana wa kapolo, manyazi omwewo amene akumveka m'mawu a Hippolytus akamatchula za ukwatiwo.

Callistus anakhala bishopu zaka zisanu zokha. Anamwalira mu 222, chaka chimene Alexander Severus analowa ufumu, nthawi imene boma silinkazunza Akhristu. Komabe kalendala ya mpingo wa ku Roma yolembedwa mu 354 inamuika pa mndandanda wa ofera chikhulupiriro, pa 14 Okutobala. Nkhani yolembedwa patapita zaka mazana imati anaponyedwa pa windo n'kugwetsedwa m'chitsime ku Trastevere, dera la anthu wamba kutsidya kwa Tiber, ndipo ambiri amaganiza kuti anafa pa chipolowe. Anamuika m'manda a Calepodius pa msewu wa Via Aurelia, oyandikira ku Trastevere. M'manda aakulu aja amene anawakonza, momwe munagona mabishopu obwera pambuyo pake, iye mulibe. Manda ake anafukulidwa mu 1960.

Nanga wolemba uja? Zolembedwa zomwezo za mu 354 zimati mu 235 bishopu wa Roma, Pontian, ndi mkulu wa mpingo dzina lake Hippolytus anathamangitsidwira limodzi ku Sardinia, ndipo zimachitchula chilumba chodwalitsa. Apa ufumu unali m'manja mwa Maximinus Thrax. Pontian, podziwa kuti sabwerako, anatula pansi udindo pa 28 Sepitembala chaka chomwecho kuti mpingo usankhe wina. Onse awiri anafera komweko. Ngati Hippolytus ameneyu ndi yemwe analemba buku lija, monga mwambo wa mpingo umanenera, ndiye kuti munthu amene anaseka Callistus pogwada ndi kulira ku Sardinia anakachiona yekha chilumbacho atakalamba, ndipo ulendo uno kunalibe Marcia woti atumize kalata. Mwambo womwewo umati asanafe anayanjana ndi Pontian, wolowa m'malo mwa adani ake.

Bishopu Fabian anaitanitsa mitembo yawo, ndipo anaikidwa tsiku limodzi, pa 13 Ogasiti. Pontian anagona m'manda a Callistus pa Via Appia, Hippolytus pa msewu wa Via Tiburtina. Mpaka lero kalendala ya Akatolika imakumbukira Hippolytus pa 13 Ogasiti ndi Callistus pa 14 Okutobala, onse awiri ngati oyera mtima, pakati pawo pali miyezi iwiri ndi tsiku limodzi.